Azungu a ku Britain nawonso akusamuka kwawo: chikuwachotsa n'chiyani, nanga akukapeza zotani?

Anthu ambiri kumudzi ukawauza kuti eni ake dziko la Britain akulongedza katundu kuchoka kwawo amaona ngati ukunama, kapena ukungofuna kuwagwetsa ulesi kuti asabwere. Koma ndi zoona abale anga. Nthawi yomweyo imene ife tikulimbana ndi mafomu a viza, kugulitsa mapuloti ndi kukongola ndalama ya tikiti yofikira pa Heathrow, pabwalo lomwelo pamakhala bambo, mayi ndi ana awo, Angelezi enieni obadwira ku Leeds kapena ku Bristol, masutikesi ali mulu, agogo akupukuta misozi, ulendo wa ku Perth ku Australia ndipo tikiti yake ndi yongopita. Ofesi ya boma yowerengera anthu, ya ONS, itakonzanso kawerengedwe kake mu Novembala 2025 inapeza kuti mu 2024 mokha nzika za Britain pafupifupi 257,000 zinachoka kukakhala kunja, pomwe zobwerera zinali pafupifupi 143,000. Ambiri mwa ochokawo ndi anthu osakwana zaka 35, msinkhu woyamba banja ndi kubereka.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti akuthawa chiyani poti kwawoko chipatala ndi chaulere, sukulu zaulere, magetsi sathima, madzi pampopi tsiku lililonse? Funsoli ndi lomveka ndithu. Sakuthawa njala ayi, ndipo osaukitsitsa a ku Britain sapita kulikonse chifukwa kusamuka ndi banja lonse kumadya ndalama zambiri. Amene akuchoka ndi anthu apakatikati, manesi, madokotala, aphunzitsi, apolisi, akalipentala, okonza magetsi ndi mapaipi, amakaniko, ogwira ntchito za makompyuta. Awa ndi anthu amene anakula akuuzidwa kuti ukaphunzira n'kumalimbikira ntchito udzagula nyumba yako ndipo ana ako adzakhala bwino kuposa iwe, tsopano akwanitsa zaka 33 akadali pa lendi ndipo akuona kuti zija anawauzazo sizikuchitika. Tifika pamenepo, koma tione kaye amene analambula njirayi, chifukwa si ya dzulo.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, Britain inali itapambana koma ili pa ngongole yoopsa. Nyumba zambiri ku London, Coventry ndi Liverpool zinali zitagumulidwa ndi mabomba, ongokwatirana kumene ankakhala m'chipinda chimodzi kwa apongozi, chakudya chinkagulidwa ndi makuponi ndipo zimenezi zinapitirira mpaka 1954, kenaka chisanu choopsa cha 1947 chinawapeza malasha akusowa. Kutsidya lina la dziko, Australia inali ndi mantha ake. Dziko lalikulu chonchija koma anthu ongopitirira pang'ono 7 miliyoni, ndipo ndege za Japan zinali zitaphulitsa tauni ya Darwin mu 1942. Nduna yoyamba yoona za anthu olowa m'dzikomo, Arthur Calwell, inkalalikira kuti dziko likapanda kudzaza anthu lidzatha. Ndiye anakonza zoti munthu wamkulu wa ku Britain alipire mapaundi 10 basi, ana ulere, yotsala ya sitima boma lilipira. Anthu amenewa mpaka lero amatchedwa Ten Pound Poms, ndipo pakati pa 1945 ndi 1972 anapita oposa 1 miliyoni.

Zimene ankaonetsedwa pazithunzi zinali dzuwa, nyanja, nyumba yokhala ndi bwalo lake, ana athanzi akusewera pamchenga. Pasitima zinthu zinali bwino, mwezi wathunthu kapena kuposa ukudya nyama ndi zipatso zimene kwanu unali utaiwala kukoma kwake. Koma ukatsika, ngati unalibe wachibale wokulandira, ankakutengera ku hositelo, ndipo zambiri zinali misasa yakale ya asilikali. Tinyumba ta malata opindika kuchokera pansi mbali iyi kukafika pansi mbali inayo, mkati atagawa ndi thabwa lopyapyala moti mwana wa banja lina akatsokomola umamva, zimbudzi ndi mabafa ogawana, chakudya cha kukantini pamzere. Mu Disembala kunja kukafika madigiri 40 malata aja ankatentha moti masana sukanakhalamo. Bambo ankadzuka m'mawa kupita kuntchito, ena kufakitale ya magalimoto ya Holden ku Elizabeth pafupi ndi Adelaide kumene Angelezi anadzazako kwambiri, amapeza anzake, amalandira ndalama yabwinoko kuposa kwawo. Mayi ndi amene ankatsala m'kanyumba kaja ndi ana, kudikira kalata ya mayi ake. Foni yopita ku England inali yodula kwambiri moti ambiri ankaimba pa Khirisimasi pokha, ndipo maliro a kholo unkangowamva pa telegalamu, ukudziwa kuti sungakafikeko.

Panali lamulo lakuti ukabwerera zaka ziwiri zisanathe uyenera kubweza ndalama zonse za ulendo, kuwonjezera pa kudzigulira tikiti yobwererayo, ndiye ambiri ankangoluma mano kuwerenga miyezi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse anabwerera. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti ambiri mwa obwererawo atafika ku England anapeza kuti anzawo anapitiriza moyo popanda iwo, nyumba ndi zopanikizika monga kale, ana akulirira nyanja, ndipo anakweranso sitima kachiwiri ndi ndalama zawo. Banja limodzi kuwoloka nyanja katatu kufunafuna pamene mtima ungakhazikike.

Amene anapirira, ana awo anafika patali. Julia Gillard anabadwira ku Barry ku Wales mu 1961, ali mwana anadwala chibayo ndipo makolo ake analangizidwa kuti akakhale kotentha, anasamukira ku Adelaide mu 1966, mu 2010 anakhala mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Australia. Tony Abbott amene anadzalamuliranso dzikolo anabadwira ku London ndipo banja lake linapita mu 1960 pa dongosolo lomweli.

Koma tisabise mbali inayo. Khomo la mapaundi 10 linali la azungu. Australia inali ndi malamulo otsekera anthu akuda ndi a ku Asia kuyambira 1901, ndipo anathetsedwa kotheratu mu 1973. Azigogo athu a ku Nyasaland amene anamenya nkhondo yomweyo ku Burma ali mu King's African Rifles, pansi pa mfumu yomweyo, sakanalota n'komwe zokwera sitima imene ija. Panalinso ana masauzande ambiri ochokera m'nyumba zosungira ana amasiye amene anatumizidwa okhaokha popanda makolo, ena atanamizidwa kuti makolo awo anamwalira pomwe ali moyo, ndipo ambiri anakazunzidwa ndi kugwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga. Mayi wina wosamalira anthu wa ku Nottingham, Margaret Humphreys, ndi amene anaulula nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980. Nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa m'malo mwa Australia mu 2009, nduna yaikulu Gordon Brown m'malo mwa Britain mu 2010. Ena mwa ana amenewa anatumizidwa pafupi ndi kwathu konkuno, kusukulu ya Fairbridge kufupi ndi Bulawayo.

Ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imatipeza ife. Si onse anapita ku Australia, Canada kapena New Zealand. Ambiri analowera ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero), kumene azungu anali pafupifupi 80,000 mu 1946 koma pofika 1960 anali atapitirira 200,000. Munthu amene ku Manchester anali womanga nyumba wamba wokhala m'zipinda ziwiri, akafika ku Salisbury (Harare ya lero) ankapeza nyumba yaikulu, galimoto, kuki, wam'dimba ndi wolera ana. Kuki uja ndi wam'dimba uja nthawi zambiri anali munthu wa ku Nyasaland kapena ku Mozambique, amene nayenso anasiya banja kwawo kufuna moyo wabwino, koma iye ankagona kukanyumba ka kuseri. Moyo wabwino wa banja la Chingelezi lija unakhazikika pa malo olandidwa pa lamulo logawa malo la 1930 ndi pa malipiro ochepa a anthu athu. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 chimene makolo athu anachikana chija, mbali ina chinali chofuna kuteteza anthu obwera amenewa. Abale athu olankhula Chichewa amene ali ku Zimbabwe lero, ambiri ndi adzukulu a nthawi imeneyo.

Tsopano tibwere ku za lero.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi nyumba. Mu 1997 nyumba wamba ku England inkagulidwa ndi ndalama zokwana malipiro a pachaka a munthu kuchulukitsa katatu ndi theka. Masiku ano ndi pafupifupi kasanu ndi katatu, ndipo ku London ndi kopitirira kakhumi. Kuti banki ikupatse ngongole ya nyumba uyenera kuyamba waika dipoziti, koma udzasunga bwanji pomwe lendi ikudya gawo lalikulu la malipiro mwezi uliwonse? Ndiye anthu amakhala pa lendi zaka ndi zaka, m'nyumba zakale za njerwa zimene nthawi yozizira makoma amachita chinyontho, nkhungu yakuda pakona pa bedi la mwana, m'mawa kupukuta madzi pamawindo ndi thaulo, hita kuiyatsa ola limodzi lokha madzulo poopa bilu. Amene anakwanitsa kugula nawonso sanapulumuke. Ku Britain ngongole ya nyumba amaikhomera chiwongola dzanja kwa zaka ziwiri kapena zisanu basi, kenaka umakambirananso. Bank of England inakweza chiwongola dzanja kuchoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023, ndiye banja limene nthawi yake inathera pakati pamenepo linangolandira kalata yoti kuyambira mwezi wamawa muziwonjezera mapaundi mazana angapo, malipiro osasintha.

Pamwamba pa zimenezo, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 gasi ndi magetsi zinakwera moopsa, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 11.1 peresenti, zimene zinali zisanaoneke kwa zaka 41. Ndikudziwa kuti kwa ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, nambala imeneyi ikuoneka yaing'ono. Koma munthu amayeza ululu ndi zimene anazolowera, ndipo iwo anali atakhala kale zaka zoposa khumi kuchokera pa mavuto a mabanki a 2008 malipiro awo asakukula kwenikweni.

Msonkho nawo uli ndi kachenjerero kake. Boma silinakweze peresenti, linangoimitsa malire. Kuyambira 2021 ndalama imene sudulidwa msonkho inaima pa mapaundi 12,570 pachaka, ndipo ukadutsa 50,270 yapamwambayo imadulidwa 40 peresenti. Malipiro akakwera pang'ono kutsatira mitengo, malire aja osasuntha, nesi wamkulu kapena mphunzitsi amapezeka walowa m'gulu la msonkho limene kale linali la mabwana. Ngati anapita kuyunivesite pali ngongole ya fizi imene amadula 9 peresenti pa ndalama yopitirira mlingo wina. Kenaka mwana. Kumeneko kulibe zoti titenge mtsikana kumudzi adzatithandize, agogo nawo mwina ali kuntchito kapena amakhala tauni ina, ndiye khanda limapita ku nazale, ndipo kwa zaka zambiri nazale ya tsiku lonse inkadya mapaundi oposa 1,000 pamwezi m'madera ambiri. Boma lawonjezera thandizo pa zimenezi posachedwapa, koma mabanja ambiri anali atawerengetsera kale n'kuona kuti mayi akugwirira ntchito nazale basi.

Chipatala chaulere chija, cha NHS, chimene chinayamba mu 1948 ndipo Angelezi amachinyadira kwambiri, chatopa. Mu 2023 mndandanda wa odikira chithandizo ku England unafika pafupifupi 7.7 miliyoni. Kuti uonane ndi dokotala wa m'dera nthawi zambiri uyenera kuimba foni 8 koloko m'mawa ndendende, ukachedwa pang'ono malo atha. Ogwira ntchito mkatimo ndi amene atopa kwambiri, manesi ananyanyala ntchito mu Disembala 2022, madokotala achinyamata anayamba sitalaka mu Malichi 2023 ndipo anabwereza kambirimbiri. Australia inaona mpata. Mu Febuluwale 2023 boma la Western Australia linatumiza nthumwi zotsogozedwa ndi nduna Paul Papalia ku Britain ndi Ireland kukakopa poyera antchito pafupifupi 31,000, madokotala, manesi, apolisi, aphunzitsi, amisiri, uthenga wake womwe uja wa 1945, malipiro abwino, dzuwa ndi nyanja.

Za dzuwazi musazitenge mopepuka. Mu Disembala ku England kumada cha m'ma 4 koloko masana, umapita kuntchito kuli mdima n'kubwerera kuli mdima, ana miyezi yambiri ali m'nyumba pa foni ndi pa TV. Ukafunsa makolo amene akusamuka, asanatchule ndalama amayamba ndi mawu akuti tikufuna ana athu azisewera panja.

Nanga amapita kuti? Australia ikadali patsogolo, anthu obadwira ku England okha kumeneko ndi pafupifupi 1 miliyoni. Chilankhulo n'chimodzi, mapepala a sukulu amavomerezeka mosavuta, aliyense ali ndi msuweni kumeneko. Pangano la zamalonda la mayiko awiriwa litayamba kugwira ntchito mu 2023, achinyamata a ku Britain mpaka zaka 35 akutha kupita pa viza yogwira ntchito uku akuyendayenda, ndipo kuyambira Julayi 2024 atha kukhala zaka zitatu osakakamizidwa kukathyola zipatso kumafamu monga zinalili kale. Ambiri amalowera pamenepo n'kupeza bwana wowasainira. Koma kwa banja lonse njira yake ndi ya mapointi, amaona msinkhu, ntchito, zaka zimene waigwira ndi Chingelezi, ndipo ukafika zaka 45 makomo ambiri amatsekeka. Palinso kuyezedwa m'thupi, ndipo apa pali nkhanza imene anthu saidziwa mpaka itawagwera: ngati mwana mmodzi ali ndi ulumali kapena matenda amene boma likuona kuti adzalidyera ndalama zambiri, banja lonse litha kukanidwa, ngakhale bambo ndi mayi ali ndi ntchito zimene dzikolo likuzifuna. Canada nayo ili ndi mapointi ake kudzera mu Express Entry imene inayamba mu 2015, New Zealand chimodzimodzi.

Spain, France ndi Portugal zinali zophweka kwambiri Britain ikadali mu European Union. Unkangokweza katundu m'galimoto, kukachita lendi ku Alicante kapena ku Málaga, kulembetsa ana sukulu, basi. Ku Spain kokha kuli Angelezi cha m'ma 300,000. Koma voti ya Brexit ya Juni 2016, yoti Britain ituluke mu European Union, inasintha zonse, kuyambira Januwale 2021 munthu wa ku Britain wopanda chilolezo chokhala amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, ndipo akafuna kukhalitsa ayenera kufunsira viza, kuonetsa ndalama za kubanki ndi inshuransi ya chipatala, monga mmene ife timachitira. Amene zinawapweteka kwambiri ndi mabanja a ndalama zochepa amene ankapita kukatsegula kabala kapena kugwira ntchito m'mahotela, olemera amadutsabe.

Kenaka Dubai. Kumeneko chokopa ndi chimodzi, malipiro sadulidwa msonkho. Aphunzitsi, ogulitsa nyumba, a zamabanki, oyendetsa ndege akhamukira kumeneko, ndipo boma la Britain litaika VAT ya 20 peresenti pa fizi ya sukulu zapulayiveti mu Januwale 2025 n'kuthetsanso mu Epulo mwayi wa msonkho umene olemera ena anali nawo pa ndalama zopezera kunja, nkhani ya Dubai inakula kwambiri m'manyuzipepala. Koma kulibe chaulere kumeneko, sukulu umalipira mwana aliyense, chipatala ndi inshuransi, lendi nthawi zambiri amafuna macheke a chaka chonse, ndipo kwa ambiri chilolezo chokhala chimamangidwa pa ntchito. Ntchito ikatha umapatsidwa nthawi yochepa kuti upeze ina kapena unyamuke ndi ana ako pakati pa teremu. Unzika ndiye pafupifupi kulibe, mwana atha kubadwira konko n'kukula konko koma osakhala wa konko.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a kusamuka sabwera chaka choyamba. Chaka choyamba ndi zithunzi za pa Facebook, ana ali panyanja, nyama ili pamoto. Ngakhale nkhani ya nyumba imene anathawa ija amakaipezanso, Sydney ndi umodzi mwa mizinda yodula kwambiri padziko lonse kugula nyumba, Vancouver ndi Auckland chimodzimodzi. Koma zolemera zenizeni zimabwera pakatha zaka khumi, pamene mayi ako ku Yorkshire agwa m'bafa kapena ayamba kuiwala maina a adzukulu, iwe uli ulendo wa tsiku lathunthu pandege. Kuwaitana kuti adzakhale nawe si nkhani yapafupi, viza ya makolo ya ku Australia yofulumirako imadya madola a kumeneko pafupifupi 50,000 munthu mmodzi ndipo umadikirabe zaka zambiri. Kubwerera nakonso n'kovuta chifukwa ana ako tsopano ndi a ku Australia, amalankhula ngati a kumeneko, anzawo ali kumeneko, England kwa iwo ndi kozizira kumene kuli agogo. Ife a ku Malawi amene tili kunja ululu umenewu timaudziwa bwino, foni ya usiku yochokera kumudzi, ndipo ndikamva Mngelezi akuufotokoza sindiona kusiyana kulikonse.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka amayi. Banja likasamuka limodzi, kenaka ukwati n'kutha kumeneko, mayi sangangotenga ana kubwerera kwa makolo ake. Pansi pa pangano la ku Hague la 1980, ana akazolowera kukhala m'dziko latsopanolo, kuwachotsa popanda chilolezo cha bambo kapena cha khoti kumatengedwa ngati kuba ana, ndipo khoti la ku Britain lomwelo litha kulamula kuti abwezedwe. Ndiye pali amayi amene atsekeredwa ku Australia kapena ku New Zealand, opanda wachibale, ena ntchito yosadalirika, kudikira kuti mwana wotsiriza akule. Aliyense amene akusamuka ndi ana, kaya ndi Mngelezi kaya ndi ife, nkhani imeneyi ndi yofunika kuikambirana musanakwere ndege, pamene mukugwirizanabe.

Penshoni nayo ili ndi mbola yake. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka chilichonse, koma ngati ukukhala ku Australia, Canada, New Zealand kapena South Africa imaima pa mlingo umene unayambira kulandira, mpaka imfa. Wokhala ku Spain, ku America, ku Jamaica kapena ku Philippines yake imakwera, chifukwa mayiko amenewo ali ndi mapangano ndi Britain. Anthu opitirira 400,000 ali mu vuto limeneli, ena ndi Ten Pound Poms omwe aja, nkhalamba za zaka 90 zikulandira ndalama ya zaka makumi atatu zapitazo. Ndipo apa abale anga amene mukugwira ntchito ku UK mumvetsere, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe zili m'gulu la mayiko oimitsidwawo. Amene akumanga nyumba ku Area 49 kapena ku Chileka kuti akapumire kumudzi adziwe kuti penshoni ya boma idzaima tsiku limene adzasamuke.

Ngakhale chipatala cha NHS sichitsata pasipoti, chimatsata kumene ukukhala. Mngelezi amene anakhazikika ku Dubai akabwera kudzacheza n'kufuna opaleshoni yosakhala yadzidzidzi atha kulipiritsidwa ngati mlendo aliyense. Mwana wake akafuna yunivesite ya ku Britain atha kuwerengedwa ngati wakunja pa fizi, chifukwa lamulo limafuna kuti akhale atakhala m'dzikomo zaka zitatu maphunziro asanayambe. Ngongole ya fizi ya makolo ija nayo siimatha chifukwa wasamuka, amakutsatira konko.

Chimene ndimafuna tonse tichione ndi unyolo wake. Nesi wa ku Birmingham akapita ku Brisbane, pawodi pamatsala mpata, ndipo mpatawo umadzazidwa ndi nesi wa ku India, Philippines, Nigeria, Ghana kapena Zimbabwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 manesi athu anachoka ambiri kupita ku Britain nthawi imene Edzi inali itadzaza mawodi, mpaka boma la Malawi linayambitsa pulogalamu yapadera mu 2004 imene inawonjezera malipiro a ogwira ntchito zachipatala ndi 52 peresenti, ndalama zake mbali ina zochokera ku Britain komweko ndi ku Global Fund. Lero Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique zili pa mndandanda wa mayiko amene zipatala za ku Britain siziloledwa kupitako kukakopa antchito, ngakhale munthu payekha atha kufunsira ntchito. Australia imatenga wa ku Britain wophunzitsidwa kale, Britain imatenga wa ku Africa wophunzitsidwa kale, koma pa health centre ya kumudzi nesi akachoka palibe dziko lina lokatengako, mayi woyembekezera amangopeza chitseko chotseka.

Ndipo makomo sali ofanana. Nthawi imene Australia inkafewetsera achinyamata a ku Britain malamulo, Britain inkaumitsa ake. Ntchito yosamalira okalamba inatsegulidwa kwa anthu akunja mu Febuluwale 2022 ndipo abale athu ambiri, makamaka a ku Zimbabwe, analowera pamenepo, koma kuyambira Malichi 2024 analetsedwa kubwera ndi mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo mu Julayi 2025 njirayo inatsekedwa kwa ofunsira ali kunja. Banja la Chingelezi limasamuka lonse pamodzi chifukwa cholinga chake ndi ana, pomwe mayi wa ku Bulawayo kapena ku Blantyre amauzidwa kuti bwera wekha udzasambitse agogo athu, ako asiye. Sindikuwaimba mlandu mabanja amene akuchokawo, akufuna chimene kholo lililonse limafuna, koma malamulo amene amaona ana a wina ngati ofunika ndipo a wina ngati katundu wolemetsa ndi oipa, ndipo tiyenera kumanena.

Kuumitsa kumeneku kwafika pogwira eni ake omwe. Mngelezi amene anapita ku Australia, ku Dubai kapena ku Lilongwe n'kukwatira kapena kukwatiwa ndi munthu wa dziko lina, akafuna kubwerera kwawo ndi banja lake ayenera kuonetsa kuti amalandira ndalama zokwanira. Mlingo wake unali mapaundi 18,600 pachaka kuyambira 2012, koma mu Epulo 2024 unakwera kufika 29,000, ndipo pofunsira koyamba kuchokera kunja nthawi zambiri amawerengera malipiro a nzika ya Britain yokhayo, osati a mnzakeyo ngakhale atakhala kuti ndiye amalandira zambiri. Mayi amene anasiya ntchito kuti alere ana alibe malipiro oonetsa. Ngati alibe ndalama zambiri zosunga kubanki, amayenera kubwerera yekha kapena ndi ana, kupeza ntchito yofika mlingo umenewo, kuigwira miyezi isanu ndi umodzi, kenaka n'kuyamba kuitanitsa mwamuna wake, ndipo nthawi yonseyi ana amaonana ndi bambo awo pa WhatsApp.